Ntchito zosamala chilengedwe zabwera, koma zikugwera m'manja mwa yani?

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Pali chinthu chandisowetsa tulo, ndati ndichitule pano. Dzulo m'mamawa ndikutsegula golosale ndinaona bambo wina atakhala m'mbali mwa msewu, atagwira tsaya. Anali atalandidwa njinga pamodzi ndi matumba atatu a makala. Chimene chinatsala m'manja mwake ndi mphira yomangira katundu basi, ndiye ankangoikulunga n'kuimasula, kuikulunga n'kuimasula. Ndinam'patsa tiyi, mpaka anazizira asanamwe. Tsiku lomwelo madzulo mwana wa mchemwali wanga, amene anaphunzira zamagetsi ku koleji ya Nasawa, anabwera akumwetulira kuti wapeza ganyu yoika sola pa nyumba ina ku Mulunguzi, mu Zomba momwe muno. Onse awiri nkhani yawo ndi yomweyi ya kusamala chilengedwe, koma wina yam'dyetsa, wina yam'goneka ndi njala. Pa wailesi timamva kuti makampani ndi mabizinesi osaononga chilengedwe abweretsa ntchito zambiri ndipo akweza chuma. Sindikutsutsa. Ndikungofuna mundiuze, inu amene muli m'katimo: ntchitozo zikupita kwa yani? Bambo uja ifika liti yake?

Wamagetsi, Matawale:
Zikomo mayi. Ntchito ya sola ilipodi, ine ndine mboni. Kale ndinkangodikira munthu amalize nyumba kuti andiitane kukayala mawaya. Zinasintha mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Mukukumbuka mmene magetsi ankazimira chaka chimene chija, mpaka makina aja anadzayambanso mu 2023. Foni yanga sinkapuma. Ometa tsitsi, a ma saluni, ogulitsa zoziziritsa kukhosi, masukulu, aliyense ankafuna panelo ndi batire. Ndinalemba anyamata awiri. Zinathandizanso kuti boma linali litachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo za sola mu 2019.

Koma ndinene poyera. Panelo, batire, inveta, zonsezo n'zochokera kunja. Za kuno ndi manja anga ndi makwerero. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makasitomala amene tinali titagwirizana kale anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Mnyamata mmodzi ndinam'pumitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa anali wamutu. Panopa chimene chikundisunga kwambiri ndi kukonza zoonongeka. Anthu akugula mapanelo achinyengo pamsika, olembedwa mphamvu yaikulu koma otulutsa kadontho, batire n'kufa miyezi isanathe. Amabwera kwa ine akulira.

Mnyamata wa ku Chingale:
Mayi, bambo mukunenawo atha kukhala m'bale wanga. Ndilankhuleko ine amene ndakankhapo njingayo.

Anthu a m'tauni amaona thumba lili pakhomo, sadziwa ulendo wake. Umayamba wadula mtengo, kuuduladula, kusanja bwino, kufolera ndi udzu, kukwirira ndi dothi. Ukayatsa sugona. Uvuni ukang'ambika usiku iwe uli m'tulo, m'mawa upeza phulusa lokhalokha, thukuta la sabata yonse lapita. Ukafukula makala ali otentha, utsi ndi fumbi zimalowa m'chifuwa, malovu amatuluka akuda. Kenako unyamuke pakati pa usiku. Pokwera chitunda sukwera njinga, umaikankha mutu uli pansi. Potsetsereka mabuleki sagwira ndi katundu wotero, ndiye timamangirira chidutswa cha patapata kuti chizikhuza tayala, phazi lili pompo. Ukafika m'tauni kusanache, mayi wovala bwino akuyamba kukunenerera mtengo, amvekere thumba lachepa.

Palibe amene amaikonda ntchito imeneyi. Mitengo ikutha tikuona ndi maso athu, kale tinkadula kuseri kwa nyumba, pano tikuyenda mtunda wautali. Koma chimanga chikatha m'nkhokwe mu Ogasiti, mwana wabwezedwa kusukulu, utani? Sola imene akunena achimwenewo imafuna setifiketi. Ine ndinalekezera Sitandade 7. Ndipo ndifunse mwaulemu: pagulu pano, ndani sanaphikire makala sabata ino?

Wamagetsi, Matawale:
Kwathu taphikira. Sola yanga imayatsa magetsi ndi TV, nyemba siingapse nayo.

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Inenso mwanawe. Ndipo ndimapimanso timajumbo ta makala pagolosale pompa. Wandigwira pakamwa.

Wophunzira zachuma, Chanco:
Achimwene a ku Chingale anena chinthu chachikulu. Makala ndi imodzi mwa bizinesi zikuluzikulu m'dziko muno, kungoti siilembedwa m'mabuku a boma. Imadyetsa wootcha, wonyamula, wa lole, wopima pamsika. Lamulo la nkhalango litakonzedwanso mu 2020, zilango zinakwera kwa ootcha makala opanda chiphaso. Chiphasocho chimatheka, mwachitsanzo a Kawandama Hills ku Viphya amaotcha makala movomerezeka kuchokera ku mitengo yodzala okha. Koma kuti ufike pamenepo uyenera kukhala ndi malo, mitengo yako, ndondomeko yolembedwa ya kasamalidwe kake, komanso mpamba wodikira zaka mitengo ikule. Munthu wa njinga imodzi alibe chilichonse mwa zimenezi. Ndiye lamulo lam'tsekera khomo lakale, khomo latsopano makiyi ake ali ndi ena.

Ine ndimaona kuti poyeza bizinesi iliyonse yotchedwa yosamala chilengedwe tizifunsa kuti ndalama yake ikutsala kuti. Taonani ethanolo. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba mu 1982, ya PressCane ku Chikwawa mu 2004. Amatenga zotsalira popanga shuga, n'kupanga mafuta amene amasakaniza ndi petulo. Nzimbe ndi zathu, antchito ndi athu, ndipo lita iliyonse ya ethanolo ndi lita ya petulo imene sitinaitanitse ndi madola. Imeneyo ndiye imafika pa chuma penipeni, chifukwa bala lalikulu la Malawi ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Wamagetsi, Matawale:
Mwana wasukulu, ukutanthauza kuti sola ndi yopanda phindu poti ndi yakunja? Nanga ija ya ku Salima ya mamegawati 60 inatsegulidwa mu 2021, ndi ya ku Golomoti ya mamegawati 20 ya mu 2022?

Wophunzira zachuma, Chanco:
Ayi bambo, sindinatero. Phindu lake lilipo, koma tisamaliyang'ane pa geti ya kampaniyo. Pomanga amalemba anthu ambiri, ntchito ikatha amatsala ochepa: alonda, otsuka mapanelo, otchetcha udzu ndi mainjiniya angapo. Ntchito zenizeni zimabadwira kutali, pamene magetsiwo afika. Chigayo cha pa Jali chikagaya tsiku lonse osazima, wowotcherera zitsulo pa Mpondabwino akamaliza mafelemu a mawindo pa nthawi yake, pamenepo ndi pamene sola ya ku Salima yalemba munthu ntchito. Panelo umaigula kamodzi, dizilo wa jenereta umagula tsiku ndi tsiku.

Wamagetsi, Matawale:
Apo ndiye tagwirizana.

Make mapasa, Domasi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilowepo. Ine ndimaumba chitetezo mbaula. Sukulu sindinapite nayo patali, monga mwana wa ku Chingaleyu, koma ana anga akuphunzira ndi dongo.

Tilipo azimayi 12 pagulu lathu. Dongo timakumba kudambo, osati lililonse ayi, pali lina limaoneka bwino koma likapsa limaphulika. Tikabwera nalo timalithira madzi n'kulifundika m'dzenje masiku angapo kuti lifewe, kenako kuliponda ndi mapazi, kutola timiyala ndi timizu timodzitimodzi. Kamwala kamodzi kakatsala, mbaula idzang'aluka pamoto. Timaumba m'chikombole, kuboola khomo la nkhuni, kumata mafuwa atatu pamwamba ndi zogwirira. Kuyanika kwake n'kwa mumthunzi, pang'onopang'ono, ukathamangira padzuwa walemba m'madzi. Zikauma timaotcha mu uvuni. Tsiku lofukula mtima umakhala m'mwamba, chifukwa umayamba wagogoda iliyonse ndi chala. Ikalira kuti ngwee, yapsa bwino. Ikalira kuti phwaphwa, yataika.

Mbaula imeneyi imadya nkhuni zochepa, ngakhale zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimakwana. Boma linaika cholinga mu 2013 choti mbaula zotere zifike 2 miliyoni pofika 2020, ndipo nthawi imeneyo msika unalipo, mabungwe ankabwera ndi galimoto kudzatenga zambirimbiri. Mapulojekiti aja atatha tinatsala tokha. Mbaula ndi yolemera, ndipo pa minibasi imasweka. Kumudzi anthu amaifuna koma sitingathe kuwafikira. Ndiye zilipo zodzaza chisakasa, zikungodikira.

Chinanso chimene chimandipweteka. Kunabwera anthu ena ndi mafoni kudzajambula mbaula m'makomo ndi kulemba manambala, amati utsi umene tapulumutsa umagulitsidwa kunja. Tinasangalala. Mpaka pano sitinauzidwe kuti unagulidwa zingati, ndipo wathu ndi uti. Manja oumba ndi athu, maso ofiira ndi utsi wa uvuni ndi athu.

Wophunzira zachuma, Chanco:
Mayi, zimenezo ndi ndalama za kaboni. Malonda ake alipodi padziko lonse, ndipo mbaula ngati zanuzo zimawerengeredwa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti pepala limene munasaina likuti chiyani. Ngati muli nalo, ndingakuwerengereni.

Make mapasa, Domasi:
Lili kwa mlembi wa gulu. Ndikalitenga, mwanangu.

Mmisiri womanga, Sadzi:
Kwathu ku zomangamanga nkhaniyi tinaiona kalekale. Mu 2018 kunatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zikuluzikulu zamalonda. Chifukwa chake n'chomveka, uvuni umodzi wa njerwa umameza mitengo yachilengedwe yambiri, monga mibawa imene yakula zaka makumi. Mabuloko a simenti atabwera, anyamata ambiri m'tauni muno apeza pogwira. Yendani m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre muone mmene ayalira. Koma oumba njerwa akale aja, amene ankangofuna chikombole cha thabwa, khasu ndi madzi, si onse analowa m'mabuloko. Makina ndi odula, simenti ikukwera mwezi ndi mwezi, nthawi zina kusowa kumene. Amene anali mwini uvuni wake lero ndi waganyu wa mwini makina.

Komanso tisadzinamize. Mchenga wa mabulokowo ukuchokera mu Likangala. Pitani mukaone mmene magombe akugumukira. Tapulumutsa mtengo, tayamba kudya mtsinje.

Agogo opuma ntchito ya nkhalango, Mulunguzi:
Ana anga, ndalemba mochedwa chifukwa zala zimavuta pa foni, mdzukulu ndiye akundithandiza.

Ine ndagwira ntchito m'phiri la Zomba zaka zambiri. Nthawi yathu phiri lija linali lolemba anthu ntchito. Kunali a ku nazale othira dothi m'machubu, odzala, opalira, odulira nthambi za paini, olambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, ndi alonda okhala pamwamba kuyang'ana utsi. Paini ankadulidwa atakhwima, chigawo chimodzi, n'kudzalanso pomwepo. Ocheka matabwa ankapeza, akalipentala m'tauni ankapeza. Imeneyo inali bizinesi yosamala chilengedwe, ngakhale sitinkaitchula choncho. Anthu aja atachepetsedwa, kudula kunapitirira koma kudzala ndi kusamala kunatsalira. Zotsatira zake mukuziona mukakweza maso.

Chimene ndimadandaula nacho ndi ichi. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikafika, timaona magalimoto, malaya atsopano, zithunzi, mbande zikwizikwi. Ikafika Seputembala moto wolusa wanyambita zonse, chifukwa palibe amene analipidwa kuti apalire ndi kulondera. Kudzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, kulera mtengo ndi zaka. Ndalama ikanamapita kwa wolera, kulipira munthu malinga ndi mitengo imene yapulumuka, mnyamata wa ku Chingaleyu akanakhala woyamba kulembedwa. Amadziwa mtengo uliwonse ndi dzina lake, amadziwa njira zonse za m'phiri, moto amaudziwa kuposa tonsefe. Ntchito imeneyo siifuna setifiketi.

Ndipo musaiwale kuti madzi amene mukumwa m'tauni muno akuchokera m'damu la Mulunguzi, pamwamba pomwepo. Alendo opita ku Ku Chawe, amene amagula mabulosi ndi sitiroberi kwa ana athu m'mbali mwa msewu, ndi ziboliboli, ndi kulipira owaperekeza ku Chingwe's Hole, amabwerera nkhalango. Sangabwerere zitsa.

Mnyamata wa ku Chingale:
Agogo, ntchito imeneyo nditaimva lero, nkhwangwa ndikaipachika lero lomwe. Koma ikhale ya malipiro a pamwezi. Tinalembedwapo ndi bungwe lina kudzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, tinagwira masabata atatu, ndalama inabwera patatha miyezi inayi. Pa miyezi inayiyo tinkadya chiyani? Tinabwerera ku uvuni.

Wageni ya matemba, Kachulu:
Moni nonse. Ine ndikufuna tiwerengenso mbali ina imene sinatchulidwe. Mukuwerenga ntchito zimene zikutha chifukwa choteteza chilengedwe. Nanga zimene zikutha chifukwa chosachiteteza, akuwerenga ndani?

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, ine ndili mtsikana. Mu 2018 ndinaona ndi maso anga mabwato atakhala pa dothi long'aluka pa doko la Kachulu, anthu akuyenda pansi pamene tinkapalasa. Asodzi, okoka makoka, opalasa mabwato opita ku Chisi, owamba, ife ogula, a mabasiketi a njinga, ophika nsima padoko, tonse tinangoti kakasi. Nyanja ija ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mvula ndi mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Thondwe. Kumtunda kukakhala kopanda mitengo, mitsinje imabwera ndi matope nthawi ya dzinja, chilimwe n'kuuma. Alimi a mpunga a ku sikimu ya Likangala ndi ya Domasi akudziwa zimene ndikunena. Ndiye mwana wa ku Chingale, sindikukuda ayi, njala ndimaidziwa. Koma mtengo ukagwa kumtunda, ena timaumva kunsi kuno.

Ifenso si oyera. Kuwamba mlamba kumadya nkhuni zoopsa. Kunabwera timanyumba toyanikira nsomba ndi dzuwa, tofoleredwa ndi pulasitiki yoonekera, matemba amauma oyera, opanda mchenga ndi ntchentche, ndipo m'tauni amagulidwa bwino. Vuto pulasitiki ija ikang'ambika ndi mphepo, yogula ina imasowa, ndipo wodziwa kukonza sapezeka pafupi.

Mnyamata wa ku Chingale:
Ndamva mayi. Sindikukana.

Wamagetsi, Matawale:
Nkhani ya kusowa wokonza ili paliponse. Mapampu a sola a ulimi wamthirira ndawapeza angapo atangokhala, vuto lake kachingwe kamodzi kapena fyuzi. Zinthu zimabwera, mwambo wopereka uchitika, koma palibe mwana wa m'mudzimo amene waphunzitsidwa kutsegula bokosi lija. Pa mudzi uliwonse pamene pali pampu pakanakhala mnyamata kapena mtsikana mmodzi wodziwa, imeneyo ndi ntchito kale. Zoterezi munthu amaphunzira miyezi yochepa, bola akhale wodziwa kuwerenga manambala.

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Inenso yanga ndi majumbo. Analetsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti akuti anthu ataya ntchito, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletso chikhalepo, koma nkhani inapitirirabe kukokanakokana. Ine monga wogulitsa ndimafuna chokulungira chotchipa, sindibisa. Komabe ndikaona ngalande za mumsika zitatsekeka mvula ikagwa, ndi mbuzi zikufa ndi majumbo m'mimba, ndimadziwa kuti tikulipira kwina. Amayi anga ankapita kumsika ndi dengu. Oluka madengu ndi zikwama za mlaza akadalipo, osoka matumba a nsalu ali pakhonde lililonse. Chiletso chitagwira ndithu, anthu amenewo ndi amene angapeze msika, ndipo ndi anthu a kuno.

Koma ndabwerera pa bambo wanga wa dzulo uja. Pa zonse mwanenazi ndikuona kuti ntchito zimene zingam'fikire iye ndi za dongo, za mbande, za kukonza ndi kunyamula. Zimenezo ndi zomwe zilibe mwini wozilipira mokhazikika. Za ndalama zambiri zikufuna sukulu ndi mpamba. Ndiye tikamalanda njinga tisanakonze poti munthu apite, tangomuonjezera ngongole, chifukwa akakongola ina n'kubwerera kuphiri komweko.

Agogo opuma ntchito ya nkhalango, Mulunguzi:
Ndi zoona mwanga. Komabe lamulo lisachoke. Pali ena obwera ndi malole usiku, amenewo si anjala, ndi olemera kale. Dzanja lilemere pa iwowo.

Make mapasa, Domasi:
Mwana wa ku Chingale, ndikufunse. Njinga yako ikadalipo?

Mnyamata wa ku Chingale:
Ilipo mayi. Keriyala yake ndi yowotcherera, imanyamula matumba atatu.

Make mapasa, Domasi:
Ndiye tamvera. Mbaula zathu zikusowa miyendo, iwe uli ndi miyendo ndipo midzi ya kuseri kwa phiri umaidziwa. Bwera udzatengeko zochepa poyamba, osalipira. Ukagulitsa udzatipatse yathu, yapamwamba ndi yako. Sindikukulonjeza kuti ifanana ndi ya makala, poyamba idzachepa. Koma palibe adzakulande panjira, ndipo udzayenda masana. Ndiyamba ndafunsa anzanga pagulu Lachinayi, sindingagamule ndekha.

Mnyamata wa ku Chingale:
Msewu wa kwathu ndi wa mabampu. Zikasweka panjira ngongole ndi ya ndani?

Make mapasa, Domasi:
Funso labwino, limenelonso ndikalitula Lachinayi. Ife timaziika m'dengu lalikulu, pakati pake timafutsa udzu wouma kapena mankhusu a mpunga, sizigundana.

Wageni ya matemba, Kachulu:
Mankhusu ali mbwee pa zigayo za mpunga kuno, amangowaotcha. Madengu akuluakulu a matemba ndili nawo awiri akale, ndingabwereke limodzi.

Mayi wa golosale, Chinamwali:
Mukadutsa pa Chinamwali mundisiyireko zisanu, ndiziike pakhonde pafupi ndi makala omwewo tione ngati anthu angafunse. Ndipo mwanawe, ukamuona bambo uja kwanuko, wamtali, wa chipewa chofiira, umuuze kuti mphira yake anaiiwala pa benchi langa. Ndamusungira.

Mnyamata wa ku Chingale:
Ndifunsa kumudzi. Mayi a ku Domasi, mbaula imodzi imalemera bwanji? Ndikufuna ndidziwe ngati zisanu ndi imodzi zingakwere chitunda chija.